“Msewu Uno Ndimaudziwa”: Chifukwa Chake Dalaivala Wakale Amachitanso Ngozi

Aliyense wokhala m'mbali mwa msewu wa Lilongwe–Mchinji amadziwa kulira kwa lole yolemera ikamadutsa usiku. Msewu umenewu, womwe umatchedwa M12, umadutsa pa Chitedze, Mpingu, Msundwe, Namitete ndi Kamwendo mpaka kuchipata cha Mchinji, komwe tsidya linalo ndi Mwami ndi Chipata m'dziko la Zambia. Malole amadutsa ndi feteleza, simenti, chimanga, soya ndi mtedza, ndipo msika wa fodya ukatsegulidwa amanyamula mabelo kupita ku okushoni ya ku Kanengo. Ambiri mwa ife timagulitsa tomato ndi mbatata m'mphepete mwa msewu womwewu, ana athu amauwoloka popita kusukulu, ndipo ena amuna athu, alongo athu kapena ana athu ndiwo ali pa chiwongolero.

Ngozi ya lole ikachitika, mawu amene timamva pamaliro amakhala ofanana: dalaivala uja anali wakale, wodziwa ntchito, ndiye zatheka bwanji? Ena amafika poganizira kuti pali dzanja la munthu. Amayi anzanga, pa zaka zomwe ndagwira ntchito ya unamwino ndi uzamba ndalandira anthu ovulala pamsewu, ndipo ndaona kuti zinthu zomwe zimagwetsa dalaivala wakale n'zodziwika, komanso zambiri mwa izo zimayambira pakhomo, pomwe ife timaziona msanga kuposa apolisi apamsewu.

Luso limathandiza, koma lili ndi malire

Tiyambe ndi chilungamo. Dalaivala watsopano ndiye amachita ngozi kawirikawiri kuposa wakale. Amene wayendetsa zaka zambiri amamva injini ikasintha kulira, amadziwa pokhota poopsa, ndipo amatha kuona kuti wanjinga ali kutsogoloyo akhota asanakhote. Luso limeneli ndi lamtengo wapatali.

Vuto limabwera chifukwa cha mmene ubongo wa munthu umagwirira ntchito. Ntchito tikaibwereza kambirimbiri, manja amaichita okha maganizo ali kwina. Inuyo mumatha kupeta ufa kapena kusenda mbatata uku mukucheza, osayang'ana n'komwe. Dalaivala amene wadutsa pa Msundwe kambirimbiri amayendetsanso chimodzimodzi: manja ali pa chiwongolero, koma mtima uli pa ngongole ya fizi kapena pa katundu amene wachedwa. Msewu ukakhala mmene amaudziwira, amafika bwino. Tsiku limene mwana wathamangira mpira mumsewu, kapena ngolo yopanda nyali yatulukira mumdima, ubongo umachedwa kubwerera pa ntchito.

Ifenso azachipatala matendawa tili nawo. Wophunzira unamwino amayeza BP ya mayi woyembekezera aliyense chifukwa amaopa kulakwitsa. Mzamba wakale ndi amene amayesedwa kunena kuti mayiyu akuoneka bwinobwino, ndimuyeza nthawi ina. N'chifukwa chake ngakhale madokotala akuluakulu a opaleshoni amawerenga mndandanda wa zoyenera kuona asanayambe ntchito, mndandanda umene bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO lidatulutsa mu 2008. Akuluakulu adanena kale kuti ndadziwa kale adamanga nyumba yopanda khomo.

Mmene chizolowezi chimalowera

Palibe dalaivala amene amadzuka m'mawa n'kuganiza zoika moyo wake pachiswe. Chizolowezi chimalowa pang'onopang'ono. Tsiku lina wachedwa, ndipo wanyamuka osayang'ana matayala ndi mabuleki, wafika bwino. Tsiku lina wadutsa galimoto inzake pamzere woyera wosadukiza; kutsogolo kudalibe kanthu. Tsiku lina wayankha foni akuyendetsa. Palibe chomwe chachitika. Ulendo uliwonse umene wapulumuka umamuphunzitsa phunziro labodza lakuti lamulo lija ndi la ongoyamba kumene. Pakatha zaka 15 kapena 20, zomwe zidayamba ngati kuphonya kwa tsiku limodzi zasanduka kayendetsedwe kake ka masiku onse, ndipo iye amakutcha luso pomwe mbali ina udali mwayi chabe.

Zizolowezi zoopsa zomwe zimapezeka kwambiri ndi izi: kusachepetsa liwiro pamsika, kutsatira galimoto ina pafupi kwambiri, kuchotsa giya pamtsetse kuti dizilo asathe, kupitiriza ulendo ndi matayala akutha, kunyamula katundu wopyola muyeso, ndiponso kuimitsa lole yowonongeka mumsewu usiku n'kungoika nthambi za mitengo m'malo mwa zizindikiro zowala. Nthambi siioneka mumdima, ndipo wanjinga yamoto amakazindikira ataifika kale.

Tisaiwale kuti dalaivala sasankha yekha zonse. Ena amalipidwa potengera maulendo amene ayenda, ena amakalipiridwa ndi eni katundu akachedwa, ndipo ena akanena kuti mabuleki afooka amauzidwa kuti akonza akabwerako. Lamulo la zapamsewu la mu 1997 limafuna kuti galimoto ikhale ndi chiphaso chosonyeza kuti ili bwino, chija timati COF, chomwe chimaperekedwa kudzera ku nthambi ya boma yoona za pamsewu. Koma chiphaso chimanena za tsiku limene galimoto idayezedwa. Za m'mawa wa lero amadziwa ndi dalaivala ndi mwini galimoto.

Lole siima ngati njinga

Pali zinthu zina zomwe luso silingasinthe. Galimoto yaing'ono imalemera pafupifupi tani imodzi ndi theka. Lole yaikulu yokoka ngolo, itanyamula matani 30 a feteleza, imapyola matani 40 yonse pamodzi. Kuti chinthu cholemera chotere chiime, pamafunika mtunda wautali, kaya woyendetsa ali ndi chaka chimodzi pa ntchito kaya zaka 30.

Taonani masamu ake. Galimoto yothamanga makilomita 80 pa ola imayenda mamita 22 pa sekondi iliyonse. Dalaivala akayang'ana foni kwa masekondi 5 okha, wayenda mamita 110 osaona msewu, mtunda woposa kutalika kwa bwalo la mpira. Akaona choopsa, pamapita sekondi imodzi kapena iwiri asanaponde buleki, ndipo apo wayenda kale mamita 20 mpaka 40. Kenaka mabuleki ayambe ntchito yawo. Liwiro likawirikiza kawiri, mtunda woimira umawirikiza kanayi. Lole yothamanga 70 imafuna mtunda pafupifupi kawiri poyerekeza ndi yomwe ikuthamanga 50. Mvula yoyamba ikagwa pa phula lomwe lili ndi fumbi ndi mafuta, mtundawo umatalikanso.

Pamtsetse wautali pali vuto lina. Dalaivala akamangoponda buleki m'malo motsika ndi giya yaing'ono, mabuleki amatentha n'kusiya kugwira. Tikamva kuti lole idaduka mabuleki, nthawi zambiri nkhaniyo idayamba kale: mwina sadakonzedwe, mwina katundu adachuluka, mwina mtsetse adauyamba ndi liwiro.

Bungwe la WHO limati chaka chilichonse anthu pafupifupi 1.19 miliyoni amafa pa ngozi zapamsewu padziko lonse, ndipo ngozizi ndizo zimapha kwambiri ana ndi achinyamata a zaka 5 mpaka 29. Oposa theka la omwalirawo ndi oyenda pansi, apanjinga zakapalasa ndi apanjinga zamoto. Kunena kwina, ndi anthu ngati ife ndi ana athu a kabaza. Bungweli limatinso woyendetsa amene akugwiritsa ntchito foni amakhala pachiopsezo cha ngozi pafupifupi kanayi kuposa amene sakuigwiritsa ntchito.

Tulo sitiona zaka za ntchito

Mdani wamkulu wa dalaivala wa maulendo ataliatali ndi tulo. Madalaivala athu amapita ku Beira, Nacala, Dar es Salaam, Lusaka ndi Johannesburg. Amadikira pachipata masiku, amagona m'galimoto momwe muli kutentha ndi udzudzu, ndipo mapepala akangotuluka amafuna kubweza nthawi yomwe yatayika.

Mu 1997 akatswiri a ku Australia, Drew Dawson ndi Kathryn Reid, adapeza kuti munthu amene wakhala maso maola 17 amachedwa kuganiza ndi kuchitapo kanthu mofanana ndi munthu amene wamwako mowa, ndipo akafika maola 24 osagona amafanana ndi woledzera amene lamulo silimulola kuyendetsa. Dalaivala amene wadzuka 4 koloko m'mawa amafika pa maola 17 nthawi ya 9 koloko usiku. Mwina sadalaweko dontho la mowa moyo wake wonse, koma pa ola limenelo ubongo wake uli ngati wa munthu wochokera kumowa.

Munthu wotopa kwambiri amagona kwa masekondi ochepa maso ali chitsegulire, ndipo iye mwini sadziwa kuti wagona. Izi zimachitika kawirikawiri pakati pa usiku mpaka mbandakucha, komanso masana munthu atangodya nsima. Msewu wowongoka ndi wosalala, ngati zigawo zambiri za msewu wathu wa ku Mchinji, umawonjezera kusinza chifukwa palibe chodzidzimutsa ubongo. Dalaivala wakale amakhulupirira kuti amadziwa kulimbana ndi tulo: amatsegula zenera, amakweza wailesi, amasamba kumaso, amamwa zakumwa zopatsa mphamvu. Zonsezi zimathandiza kanthawi kochepa chabe. Mankhwala a tulo ndi kugona basi.

Maiko ena adaika malire. Ku Ulaya dalaivala wa lole saloledwa kuyendetsa kupyola maola 9 pa tsiku, kupatula masiku owerengeka, ndipo akayendetsa maola 4 ndi theka ayenera kupuma mphindi 45. Anzathu a ku Zambia, mu 2016, adaletsa mabasi ndi malole kuyenda kuyambira 9 koloko usiku mpaka 5 koloko m'mawa chifukwa cha kuchuluka kwa ngozi za usiku. Malire a ku Ulayawa ndi muyeso wabwino umene banja lililonse la dalaivala lingausunge pamtima.

Luso likamakula, thupi nalo likukalamba

Apa ndipo ndikufuna mumvetsetse, chifukwa ndi pomwe mayi wapakhomo ali ndi mphamvu. Dalaivala wa zaka 25 pa ntchito nthawi zambiri ndi bambo wa zaka 50 kapena kuposa. Maso ake saonanso bwino usiku ngati kale, ndipo nyali za galimoto yochokera kutsogolo zimamuthobwa nthawi yaitali. Ntchito yokhala pansi tsiku lonse, kudya tchipisi ndi nyama yamafuta panjira ndi kumwa zotsekemera zimabweretsa kunenepa, kuthamanga kwa magazi ndi matenda a shuga. BP yokwera siimveka kupweteka, koma ingathe kubweretsa sitiroko munthu ali pa chiwongolero. Wa shuga amene wamwa mankhwala koma osadya angathe kuchita chizungulire kapena kukomoka.

Palinso matenda ena amene ambiri sitiwadziwa kuti ndi matenda. Bambo amaliza mkonono waukulu, kenaka amasiya kupuma kwa kanthawi, n'kudzidzimuka ngati watsamwa, n'kuyambiranso. Izi zimachitika kambirimbiri usiku umodzi. M'mawa amadzuka ndi mutu, ndipo masana amasinza paliponse pomwe wakhala, ngakhale pamaliro kapena pamsonkhano. Munthu wotere sapeza tulo tokwanira ngakhale atagona usiku wonse, ndipo chiopsezo chake chochita ngozi n'chachikulu. Iye sadziwa zomwe zimachitika akagona. Amene amadziwa ndi mkazi wake.

Mankhwala enanso amagonetsa. Piriton ndi mankhwala ambiri a chimfine ndi chifuwa amabweretsa tulo. Dalaivala akapita kuchipatala kapena kogula mankhwala anene ntchito yake, kuti ampatse oyenera. Mowa wa usiku nawo sutha m'thupi chifukwa choti kwacha. Amene wamwa mpaka pakati pa usiku n'kunyamuka mbandakucha amanyamuka nawo.

Zomwe tidaona ku Kampepuza ndi ku Tete

Mu 2019, pamsika wa Kampepuza m'boma la Ntcheu, pa msewu wa M1, lole idalephera kuima n'kulowa pomwe padali anthu, ndipo anthu oposa 15 adamwalira. Ambiri adali ogula ndi ogulitsa amene adadzuka m'mawa kukafuna ndiwo ndi ndalama ya sopo. Misika yathu ya pa Mpingu, Msundwe ndi Namitete ilinso m'mphepete mwa msewu waukulu chimodzimodzi.

Mu November 2016, pamudzi wa Caphiridzange m'chigawo cha Tete ku Mozambique, thanki ya mafuta yomwe inkabwera kuno ku Malawi idaphulika anthu atauunjikira kuti atunge petulo. Anthu oposa 70 adafa, ena mwa iwo ana, ndipo ambiri adapsa koopsa. Phunziro lake ndi lachidule: thanki ya mafuta ikagwa kapena ikamadontha, thawani kutali ndipo kanizani ana kupita ndi zigubu.

Nafenso tauzolowera msewu

N'kosavuta kuloza chala dalaivala, koma matenda a chizolowezi tili nawo tonse okhala m'mbali mwa msewu. Mlendo wochokera kumudzi wa kutali ndi phula, kaya ku Kabudula kaya ku Nambuma, amaima n'kuyang'ana uku ndi uku asanawoloke. Ife a pa Chitedze timawoloka tikucheza, mtolo uli pamutu, mwana ali kumbuyo, chifukwa tawoloka pamenepo kuyambira tili atsikana. Malonda timayala pafupi ndi phula chaka ndi chaka, ndipo chaka chilichonse timasunthira pafupi pang'ono kuti ogula atione msanga. Minibasi ikaima timathamangira pazenera ndi beseni osayang'ana chomwe chikubwera kumbuyo kwake.

Dziwani kuti dalaivala wa lole yaikulu saona chilichonse chomwe chili pafupi kwambiri kutsogolo kwake, m'mbali mwake kumanzere, ndi kumbuyo kwenikweni. Ngati simukuona nkhope yake pagalasi la m'mbali, iyenso sakukuonani. Lole yaitali ikamakhota, matayala akumbuyo amadula njira n'kudutsa mkati, pomwe wanjinga amaganiza kuti ali pabwino. Usiku, munthu wovala chitenje chakuda amaoneka lole itamufika kale.

Ndipo tinene za maulendo athu. Tikamapita kumaliro, kuukwati kapena kumisonkhano ya bungwe lathu, kawirikawiri timachita hayala lole yotsegula kumbuyo n'kudzazamo, ena atakhala m'mphepete, tikuimba. Lole idapangidwira katundu: ilibe mipando, ilibe malamba, ndipo ikagwa onse amakhuthukira pansi. Pomwe ndalama zilola, tisankhe basi kapena minibasi. Pomwe sizilola, atsogoleri a ulendo aonetsetse kuti anthu sadachuluke, onse akhala pansi m'kati, ulendo ndi wa masana, ndipo dalaivala sadamwe. Mmodzi wa ife akhale kutsogolo, ndipo liwiro likakwera alankhule. Amene tachita hayala ndife, choncho tili ndi ufulu wonena kuti achimwene, chepetsani, kapena imani titsike.

Zomwe mayi angachite pakhomo

Ngati bambo a kunyumba, mwana wanu kapena mlongo wanu ndi dalaivala, nazi zinthu zomwe zili m'manja mwanu.

Usiku woti anyamuka mawa, atetezereni tulo. Nkhani zovuta za ndalama kapena za kusamvana zikambidwe tsiku lina, chifukwa munthu amene wanyamuka ndi mkwiyo amayenda nawo ulendo wonse. Akabwera ku ulendo wautali, asiyeni agone asanayambe za kumunda ndi za achibale.

Musawaimbire foni pomwe mukudziwa kuti ali pa chiwongolero. Gwirizanani kuti iwo ndiwo aziimba akaima. Musawafulumizitse kuti afike lero lomwe. Ngakhale pagwe zovuta pamudzi, ndi bwino afike mawa.

Alimbikitseni kukayezetsa BP, shuga ndi maso kamodzi pa chaka. Kuchipatala cha St Gabriel ku Namitete, ku Likuni, ku Kabudula ndi m'zipatala zing'onozing'ono za m'dera lathu amayeza BP, ndipo za maso angakuuzeni koyenera kupita. Abambo ambiri amaopa kuti akapezeka ndi matenda ntchito iwathera. Auzeni kuti BP ndi shuga zikadziwika msanga n'kumamwa mankhwala, munthu amapitiriza ntchito zaka zambiri, ndipo magalasi a maso sachotsa munthu ntchito. Ngati mumamva mkonono wodukizadukiza uja, pitani nawo limodzi mukafotokoze nokha zomwe mumaona.

Akadandaula kuti galimoto ili ndi vuto koma abwana akukakamiza, aimireni kumbuyo pokana ulendowo, ngakhale kuti mwezi umenewo ndalama ichepa. Dalaivala amene akudziwa kuti kunyumba samunyoza akabwerera wopanda kanthu amalimba mtima kukana.

Polankhula nawo, musayambe ndi kuwaphunzitsa ntchito yawo, chifukwa amaidziwa kuposa ife ndipo adzatseka makutu. Yambani ndi zomwe inu mukuona: kuti bambo, masiku ano mukusinza msanga, kapena kuti mukumayandikitsa foni kumaso powerenga.

Ngozi ikachitika pafupi nanu

Choyamba, tumizani anthu mbali zonse ziwiri za msewu, kutali ndithu, kuti akaimitse magalimoto ena. Ngozi yachiwiri imapha othandiza. Wina aimbire apolisi ndi kufunafuna galimoto yopita kuchipatala. Pomwe magazi akutuluka kwambiri, dinikizani mwamphamvu ndi chitenje choyera ndipo musasiye mpaka mutafika. Ngati n'kotheka valani pulasitiki m'manja. Wovulala musamukoke manja kapena miyendo. Munyamuleni anthu angapo pamodzi, mutu, khosi ndi msana zili mowongoka, makamaka pa thabwa kapena chitseko. Wokomoka amene akupuma agonekedwe chammbali mosamala kuti asatsamwe ndi masanzi. Musamupatse madzi, thobwa kapena chakudya ngakhale apemphe, chifukwa mwina afunika opaleshoni.

Mayi woyembekezera amene wachita ngozi apite kuchipatala tsiku lomwelo ngakhale akuoneka kuti sadavulale. Nsengwa ingathe kuyamba kuchoka m'chiberekero magazi osaonekera kunja, ndipo moyo wa mwana ndi wa mayi umakhala pachiswe. Chimodzimodzi aliyense amene wamenyetsa mutu: akayamba kusanza, kusinza kwambiri kapena kusokonezeka, ngakhale patapita maola, athamangire naye kuchipatala. Ovulala kwambiri a m'dera lathu amatumizidwa ku Kamuzu Central Hospital, ndipo ola lililonse lotayika panjira limachepetsa mwayi wopulumuka.

Pamsonkhano wanu wotsatira, kaya kumphakati kaya kuparishi, patulani mphindi zochepa mufunsane mafunso atatu. Ndani mwa ife ali ndi dalaivala pakhomo, ndipo adayezetsa liti BP ndi maso? Malonda athu tayala mapazi angati kuchokera pa phula, ndipo tingakambirane bwanji ndi amfumu ndi komiti ya msika kuti tonse tisunthire kumbuyo limodzi? Ulendo wathu wotsatira tidzayenda pa galimoto yotani, ndipo adzakhale kutsogolo ndani? Mayankho ake muwalembe m'kaundula wa bungwe, ndipo mudzawaonenso msika wa fodya usanatsegulidwe, pomwe malole adzachulukenso pa msewu wathu.